Mnzanga wanditumizira khodi yake, ndingosintha mayina n'kupereka?

Mlendo_pa_Labu
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo, koma chonde musandiseke. Ndili chaka choyamba, ndikuchita sayansi ya makompyuta. Tinapatsidwa asayimenti yolemba binary search, pulogalamu yofufuza nambala pa mndandanda wosanjidwa bwino poudula pakati mobwerezabwereza, m'chilankhulo cha makompyuta cha Python, ndipo tikuyenera kupereka lero 12 koloko ya usiku isanakwane. Ndalimbana nayo masiku atatu. Manambala ena ikuwapeza bwinobwino, koma pa ena ikungoti zii, osatulutsa yankho, osadandaula chilichonse, fani ya laputopu n'kumangolira mpaka ndiiyimitse ndekha. Mnzanga wandimvera chisoni, wanditumizira fayilo yake yomwe ikugwira ntchito. Akuti ndingosintha mayina a ma variable, ndichotse ndemanga zake, palibe angadziwe. Sindinaitsegule, koma kunena zoona chala chili pomwepo. China chimene chikundidya: anzanga ambiri anabwera akudziwa kale kulemba khodi, amakamba za Linux ndi GitHub ngati akukamba za nyengo. Ine kompyuta ndinkaidziwira kulemba kalata basi. Kodi sindinasochere kosi?

Gologolo
Aise, tonse tinadutsa pomwepo. Sintha mayina, suntha mizere iwiri itatu, pereka, ukagone. Udzaimvetsa patsogolo. Malikisi kaye.

Wothandiza_mu_Labu
Gologolo, usamuponye mwana m'dzenje. Ine ndimathandiza aphunzitsi kuchonga ntchito za a chaka choyamba, ndiye ndikuuzeni mmene zimakhalira kuseri. Mafayilo a kalasi yonse sitiwawerenga limodzilimodzi n'kumayerekeza ndi maso. Pali mapulogalamu ochitira zimenezo, ndipo yodziwika kwambiri ndi Moss, yomwe Alex Aiken anaipanga mu 1994 ndipo imayendetsedwa ku Stanford. Siiyang'ana mayina a ma variable ngakhale pang'ono. Imawavula onse, imataya ndemanga ndi mipata, n'kutsala ndi mafupa okhaokha a pulogalamu, kenako imayerekeza mafupawo. Iwe ukatcha x kuti nambala, kwa iyo palibe chasintha. Zotsatira zimabwera mafayilo awiri ali moyandikana, mbali zofanana zitapakidwa mtundu umodzi.

Ndipo chowawa n'chakuti amene amapsa si wokopera yekha. Wopereka fayilo uja naye amaitanidwa. Mnzako wakuchitira chifundo, iwe umubweze ndi kalata yomuitanira ku ofesi?

Gologolo
Koma binary search ndi mizere khumi chabe, akulu. Anthu 100 akalemba, si zifanana basi?

Wothandiza_mu_Labu
Apo walasa, sindikukana. Pa pulogalamu yaifupi kufanana kokha si umboni, n'chifukwa chake chomaliza amagamula ndi munthu, osati makina. Koma ukudziwa chimene timachita? Timamuitana wophunzirayo, timamukhazika pa kiyibodi n'kumuuza kuti, tafotokoza mzere uwu ukuchita chiyani, nanga tikauchotsa chichitika n'chiyani. Mphindi ziwiri sizikwana, zonse zili poyera. Wolemba yekha amayankha ngakhale achite chibwibwi. Wokopera amayang'ana sikirini ngati akuona mlendo.

Kadzidzi
Tiyeni tisiye kaye zoopseza, tione vuto lenilenilo. Mlendo, usatumize khodi yako pano, ndipo fayilo ya mnzakoyo usaitsegule. Tenga pepala ndi cholembera. Lemba mndandanda wa manambala awiri okha, tinene 3 ndi 8, ndipo ufufuze 8. Jambula mizati itatu: low (poyambira pa gawo limene ukufufuzamo), high (pothera pake), mid (pakati pake). Yendetsa pulogalamu yako ndi dzanja, mzere ndi mzere, ngati iweyo ndiwe kompyuta yopanda nzeru yomwe imangochita zimene yauzidwa. Nthawi iliyonse loop ikazungulira, lemba manambala atatuwo. Ukazungulira katatu ubwere utiuze chimene waona.

Pulogalamu ikamangoti zii fani ikulira, sinafe ayi. Ili moyo kwambiri, ikuthamanga mozungulira malo amodzi ngati galu wothamangitsa mchira wake.

Mlendo_pa_Labu
Chabwino achimwene, ndikuyesa. Koma pepala? Ndimaganiza kuti mundiuza za debugger, pulogalamu ija yosakira zolakwika mu khodi.

Kadzidzi
Debugger udzaiphunzira sabata ya mawa. Lero pepala.

Mayi_Netiweki
Pamene mwana akujambula mizati yake, ine ndiyankhe funso lachiwiri lija, chifukwa ndi limene limathamangitsa anthu ambiri kuposa asayimenti. Ndinamaliza zaka zingapo zapitazo, ndipo chaka changa choyamba ndinali ngati iweyo. Kutsogolo kwa kalasi kunkakhala anyamata anayi amene ankafunsa mafunso osati kuti adziwe, koma kuti tonse timve kuti amadziwa. Mphunzitsi akuphunzitsa if ndi else, wina n'kukweza dzanja kufunsa za kernel, phata la pulogalamu yoyendetsa kompyuta. Ndinkabwerera kuchipinda mtima uli pansi.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kudziwa kwawoko kunali kwa semesita imodzi. Titafika chaka chachiwiri, pa data structures ndi masamu a discrete, tonse tinafanana msinkhu. Mwinanso iwo anavutika kwambiri, chifukwa anali asanazolowere kukhala pansi ndi chinthu chimene sakuchimvetsa. Ife a kumbuyo tinali titazolowera kale kusamvetsa, tinali titaphunzira kufunsa. Safunsa anadya phula, ndipo pa kosi imeneyi phula lake ndi lambiri.

Ndipo onetsetsa bwino, mwanawe. Amene akuoneka odziwa m'kalasi mwanu ndi asanu kapena asanu ndi mmodzi, kungoti ndi amene amalankhula. Ena onsewo ali chete ngati iwe, aliyense akuganiza kuti mbuli ndi iye yekha.

Chiswe404
Zoona zimenezo. Ine ndinayika Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, pa laputopu sabata yachiwiri kuti ndizioneka, ndinafufuta partition yolakwika, zithunzi zanga zonse zinapita. Kenako ndinatsegula Vim, pulogalamu yolemberamo khodi, ndinakanika kutulukamo, mpaka ndinazimitsa kompyuta ndi batani. Mawa lake m'kalasi ndinkalankhulabe ngati katswiri.

Gologolo
Esc, kenako :wq, ambuye. Tikulembere pa dzanja?

Chiswe404
Panopa ndikudziwa, iwe. Ndikungouza mwanayu kuti phokoso la m'kalasi asamalikhulupirire.

Mkulu_wa_Seva
Nkhani ya Linux yandikumbutsa chinthu chimene ana a chaka choyamba ayenera kumva. Linus Torvalds anayamba Linux mu 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki, ndipo polengeza ananena yekha kuti ndi kanthu kongosewera nako, sikadzakula. Sindikunena kuti aliyense wa inu adzalemba kernel. Ndikunena kuti chikhalidwe chonse cha ntchito yathuyi chinamangidwa pa kuonetsa anzako ntchito yosatha, iwo n'kukuuza pamene yapindika. N'chifukwa chake nkhani yokoperayi imasokoneza ana. Kunja kuno timagwiritsa ntchito khodi ya anthu ena tsiku lililonse. Palibe amalemba yekha library ya encryption, ndipo akatero timamudzudzula. Stack Overflow, webusayiti yofunsirana mafunso a khodi, ilipo kuyambira 2008 ndipo tonse tinakulira pomwepo. Ndiye mwana amafunsa kuti, ngati akuluakulu amakopera, ine ndalakwa chiyani?

Kusiyana kwake kuli pa chimene chikufunidwa. Kuntchito abwana akufuna pulogalamu yogwira ntchito, ndipo sasamala kuti mzere uliwonse wachokera m'mutu mwako, bola chilolezo cha khodiyo chikulola ndipo ukudziwa chimene wayikamo. Kusukulu mphunzitsi sakufuna binary search. Ali nayo kale, Python ili nayo kale mu bisect. Chimene akufuna ndi mutu wako utasintha. Ukapereka fayilo ya mnzako wapereka chinthu chimene palibe amachifuna.

Nkhululu
Nanga ChatGPT bwanji? Tisanamizane pano, theka la labu usiku limakhala litatsegula zimenezo. Moss ingagwire bwanji poti aliyense amalandira yankho lake?

Wothandiza_mu_Labu
Sizisiyana kwambiri monga ukuganizira. Anthu makumi awiri akafunsa funso limodzi, mayankho amatuluka ngati ana a mimba imodzi, ndemanga zake zaulemu zomwe mwana wa chaka choyamba salemba, nthawi zina ndi njira zimene sitinaphunzitse n'komwe. Koma ndivomere, kuyambira kumapeto kwa 2022 pamene ChatGPT inatuluka, kuchonga kwasintha. Aphunzitsi ambiri akuika malikisi ochuluka pa mayeso a mu labu ndi pa kufotokoza khodi pamaso. Malamulo ake amasiyana kosi ndi kosi, ena amalola bola unene kuti wagwiritsa ntchito, ena amaletseratu. Werengani pepala la kosi yanu, musamve za m'maluwa.

Nkhululu
Ine ndimaigwiritsa ntchito ndipo sindichita nazo manyazi. Imandifotokozera mauthenga a error mwachifatse kuposa munthu aliyense mu labu, ndipo siindiseka.

Mayi_Netiweki
Mawu omalizawo ndi amene andigwira. Siindiseka. Bwenzi tikudzifunsa kuti labu yathu yakhala malo otani kuti mwana asankhe kufunsa makina poopa anzake.

Kadzidzi
Nkhululu, kufunsa tanthauzo la error palibe vuto, nanenso ndimatero. Koma ndikuuze chimene ndaona zaka zinayi ndikuchezera mu labu. Zimene ndikuzidziwa bwino lero si zimene ndinauzidwa, ndi zimene zinandisautsa. Pointer ya mu C inandigoneka mochedwa sabata yathunthu, segmentation fault tsiku ndi tsiku, ndipo panopa ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku ndikhoza kukujambulirani memory yake. Zimene ndinapatsidwa zophikaphika sindikuzikumbuka ngakhale dzina la fayilo.

Ndipo labu ya usiku ili ndi kanthu kena kamene sindinakapeze kwina. Cha m'ma 10 koloko odzionetsera aja amakhala atapita, mumatsala anthu amene zakuvutani. Wina amatembenuza mpando n'kunena kuti, amwene, tandionereni apa. Ukuyamba kumufotokozera vuto lako, usanamalize chiganizo wadzipezera wekha cholakwika, iye asanatsegule pakamwa. Ena amaika kabakha ka pulasitiki pa desiki n'kumakafotokozera khodi mzere ndi mzere, ndipo zimathandizadi, chifukwa pakamwa sipalola kudumpha zimene maso amadumpha. Anzanga enieni a pa sukulu pano ndinawapeza nthawi imeneyo, osati m'kalasi.

Mkulu_wa_Seva
Koma tisakometse kuchezera mopitirira, Kadzidzi. Ndinaona anthu akunyadira kuti sanagone masiku awiri ngati ndi mendulo. Khodi yolembedwa 3 koloko m'bandakucha ndi imene timaikonza 10 koloko m'mawa. Kangati munthu walimbana ndi vuto usiku wonse, wagona, n'kulipeza m'mphindi zisanu atadzuka? Zambiri mwa tchezo zimenezi ndi ngongole ya Zengerezu, asayimenti inaperekedwa masabata awiri apitawo.

Kadzidzi
Dzina langa lomweli likundiweruza, ndangokhala chete.

Gologolo
Inu a sayansi mumakonda kudzizunza. Bwerani ku IT kuno, timagona bwino.

Chiswe404
Mumagona bwino chifukwa ntchito yanu ndi kufunsa anthu ngati ayesa kuzimitsa n'kuyatsanso.

Mayi_Netiweki
Chiswe, samala, ine ndine wa IT. Nthabwala imeneyo ndinaimva zaka zinayi zonse, kuti ife ndi amene masamu anatikana. Tsiku lina mnyamata wa sayansi, wodziwa ma algorithm ake bwino, anabwera pulojekiti yake ya chaka chomaliza ikukana kulumikizana ndi database pa kompyuta ina. Masiku awiri akusintha khodi. Ndinamufunsa kuti makina awiriwo ali pa subnet imodzi? Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Sankadziwa kuti /24 imakupatsa ma adiresi 256, ogwiritsika 254, kapena kuti firewall inatseka port 3306 imene MySQL imamvetsera. Mphindi khumi zinakwana. Sindikunena kuti ndife anzeru kuposa inu. Ine mpaka lero mukandifunsa kutsimikizira kuti algorithm ndi O(n log n) ndituluka thukuta. Koma pulogalamu yanu yokongolayo imakhala pa seva, imayenda pa waya, ndipo wina ayenera kudzuka ikagwa.

Chiswe404
Pepani amayi, ndabweza mawu. Theka lokha.

Nkhululu
Chimene chimatigwirizanitsa tonse ndi achibale. Ungophunzira sayansi kapena IT, ukapita kutchuthi mafoni onse owonongeka akukudikira. Ukanena kuti sitiphunzira kukonza mafoni, amati nanga mumaphunzira chiyani.

Nyenyezi_ya_C
Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Ndikufuna kubwerera pa zimene Mayi_Netiweki ananena zosekedwa mu labu, chifukwa kwa ife atsikana zimabwera pawiri. M'kalasi mwathu tilipo ochepa moti ukajomba aliyense amadziwa. Pa pulojekiti ya gulu, tisanakambirane n'komwe, wina amati, achemwali inu mulemba lipoti ndi kukonza ma slide. Semesita yatha ndinakana, ndinati ndigwira backend, mbali ya pulogalamu yogwira ntchito kuseri. Anandilola monyinyirika, kenako ndinapeza mnzathu wina akulembanso mbali yangayo mwakachetechete, kuti mwina ine zindikanika.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti ntchitoyi siinayambe chonchi. Amene anayamba kupanga mapulogalamu a ENIAC, imodzi mwa makompyuta oyambirira, m'ma 1940 anali azimayi asanu ndi mmodzi. Margaret Hamilton anatsogolera gulu lolemba mapulogalamu a m'zombo za Apollo. Ku America, mu 1984 akazi anali pafupifupi 37 pa 100 alionse otenga digiri ya sayansi ya makompyuta, kenako chiwerengerocho chinatsika mpaka kuchepera 20. Ndiye wina akamati akazi mwachibadwa sakonda zimenezi, ndimamufunsa kuti chibadwacho chinasintha liti.

Mkulu_wa_Seva
Nanga unatani naye wolemba mobisayo?

Nyenyezi_ya_C
Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zonse zimene zasinthidwa mu khodi, inandiweruzira mlandu. Tinkagwiritsa ntchito GitHub, ndipo tsiku lofotokoza pulojekiti mphunzitsi anatsegula mbiri ya ma commit. Zonse zinali pamenepo, ndani analemba chiyani, tsiku liti. Yanga ndi imene inali mu pulogalamu yomaliza chifukwa ndi imene inkadutsa ma test. Panapezekanso mnzathu wina amene commit yake inali imodzi yokha, kukonza kalembedwe ka dzina lake mu README.

Gologolo
Munthu ameneyo ndikumumvetsa.

Wothandiza_mu_Labu
Mlendo, ukumva? Phunzira Git chaka chino chomwe, usadikire kuti akuphunzitse. Torvalds yemwe uja anailemba mu 2005. Ngakhale pa asayimenti ya wekha, uzipanga commit pafupipafupi. Tsiku lina wina akadzakunamizira kuti unakopera, mbiri yako yosonyeza mmene unalakwitsira n'kukonza ndi mboni yoposa kulumbira kulikonse. Komanso udzasiya zosunga mafayilo otchedwa yomaliza, yomaliza2, yomaliza_yeniyeni.

Mlendo_pa_Labu
Akuluakulu! Ndaipeza! Ndachita monga ananenera achimwene a Kadzidzi. Poyamba low ndi 0, high ndi 1, mid ndi 0, poti malo timawawerenga kuyambira pa 0. Pa malo 0 pali 3, ndi yochepa kuposa 8, ndiye ndimayenera kupita kumanja. Koma ine ndinalemba low = mid. Ndiye low ikhalabe 0, high 1, mid 0. Kuzungulira kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu ndinangoyamba kuseka ndekha. Imayenera kukhala low = mid + 1, chifukwa malo a mid ndawaona kale, palibe chifukwa chowasungira. Masiku atatu chifukwa cha + 1!

Kadzidzi
Eyaa! Ndi zimenezotu. Tsopano usathamangire kupereka. Yang'ananso mbali inayo, high yako ukuisuntha bwanji? Kenako yesa mndandanda wopanda kanthu, wa nambala imodzi, nambala yoyamba, yomaliza, ndi nambala imene mulibemo. Tizilombo timakonda kubisala m'mphepete.

Mkulu_wa_Seva
Ndipo usadzione wopusa chifukwa cha masiku atatuwo. Binary search imaoneka yophweka koma yagwetsa akatswiri. Mu 2006 Joshua Bloch, amene analemba binary search ya mu library ya Java, anaulula kuti inali ndi cholakwika chomwe chinakhalamo zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi osaonedwa. Pofuna kupeza mid ankaphatikiza low ndi high n'kugawa pawiri, ndipo mndandanda ukakula kwambiri kuphatikizako kunkapyola 2,147,483,647, malire a int, nambala n'kusanduka negative. Mu Python sudzakumana nazo chifukwa manambala ake amakula mmene angafunire, koma ukadzafika pa C kapena Java udzakumbukire.

Taganiziranso chimene wangomanga. Mndandanda wa zinthu 1,000,000 zosanjidwa bwino, pulogalamu yakoyo ipeza chimene ukufuna m'masitepe osapitirira 20, chifukwa sitepe iliyonse ikutaya theka. Kufufuza chimodzichimodzi kukanatha kukutengera masitepe miliyoni.

Gologolo
Chabwino, ndagonja. Koma fayilo ya mnzakoyo usaifufute, ukapereka yako uitsegule uone mmene iye anachitira.

Wothandiza_mu_Labu
Apo pokha ndikugwirizana ndi Gologolo, bola nthawi yopereka itadutsa. Ndipo umuuze mnzakoyo asiye kutumiza mafayilo. Akafuna kuthandiza munthu akhale naye pansi ndi pepala.

Nyenyezi_ya_C
Mlendo, ngati zakukomera, fufuza ngati pa sukulu panu pali gulu lokonzekera mpikisano wolemba mapulogalamu wa ICPC. Mumakhala atatu, kompyuta imodzi, maola asanu, ndiye awiri amakhala pa pepala nthawi zonse pamene mmodzi akulemba. Sufunika kukhala katswiri kuti uyambe kupita ku zoyeserera zawo. Mu Disembala kumakhalanso Advent of Code, timafunso ta tsiku ndi tsiku, toyambirira timatheka ndi wa chaka choyamba.

Mlendo_pa_Labu
Zikomo nonse, zikomo amayi. Ndayesa zonse zija. High inali bwino, ndinalemba mid - 1. Koma pa mndandanda wopanda kanthu ikugwa ndi IndexError, chifukwa pamwamba ndinayika mzere woyang'ana kaye nambala yoyamba loop isanayambe. Ndiuchotse kapena ndiutchinge ndi if?

Kadzidzi
Unauyikiranji poyamba?

Mlendo_pa_Labu
Dzana, pamene inkazizira ija. Ndinkaganiza kuti mwina uthandiza.

Kadzidzi
Ndiye tenganso pepala lija, uyendetse mndandanda wopanda kanthu mzerewo utauchotsa. High iyamba ili chiyani?

Mlendo_pa_Labu
-1. Ndiye low yaposa kale high, loop siiyamba n'komwe, ingobweza kuti mulibe. Ndauchotsa. Kwatsala mphindi 40, ndikupita kukapereka.

Chiswe404
Uonetsetse kuti wakweza fayilo yoyenera. Usandifunse chifukwa chake ndikunena zimenezi.